Mwapambana mlandu, nanga ndalama za loya abweza ndani?

Bizinesi ya mbatatesi ku Bembeke kawirikawiri imakhala ya anthu awiri. Wina amatsala kumudzi, kupikula kwa alimi ndi kulongedza m'matumba, pomwe mnzake amakwera lole kukagulitsa ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Chimodzimodzi chigayo cha pa Linthipe kapena golosale ya pa boma. Mpamba amasonkherana, nthawi zambiri ndi pachilamu kapena ndi anthu a mpingo umodzi, ndipo salemberana kanthu poopa kuoneka ngati akukayikirana. Ndiye limafika tsiku loti wopita kutauni uja wabwera ndi ndalama zoperewera, kachiwiri, kachitatu, kenako kumamveka kuti wagula njinga yamoto ya kabaza m'dzina la mkazi wake. Wotsala kumudzi uja amangoti, "Alamu, mwandibera, tikaonana kukhoti." Funso limene amalikumbukira mochedwa, atapereka kale ndalama kwa loya, ndi lakuti ndalama zimenezi adzabweza ndani.

Anthu ambiri amayamba ndi kupolisi. Sikulakwa, pakuti malamulo a Penal Code amavomereza kuti munthu akhoza kuba chinthu chimene iye mwini alimo ndi gawo, choncho kunena kuti "ndalamazo ndi zathu tonse" sikumupulumutsa. Koma mlandu wakuba ndi wa boma. Amauzenga ndi woimira boma, inu wodandaula ndinu mboni chabe. Khoti likhoza kulamula wopalamulayo kuti abweze zimene anatenga, koma ngati munalemba loya woti azikulangizani pambali, ameneyo ndi wanu, mumulipira nokha. Nkhani ya ndalama za loya imabuka kwenikweni pamene mwasuma nokha, kufuna kuti mnzanuyo afotokoze mmene ndalama zinayendera ndi kubweza gawo lanu.

Pamenepa malamulo athu amatsata mwambo wa makhoti a ku England, umene unalowa m'dziko muno mu 1902. Mwambowo umati wogonja pamlandu ndiye alipire zimene wopambana waononga poyendetsa mlanduwo. Malamulo oyendetsera milandu ya chiweniweni ku Khoti Lalikulu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2017, akunena zomwezo pa Order 31. Koma malamulo omwewo, pamodzi ndi gawo 30 la Courts Act, amasiya mphamvu m'manja mwa jaji. Iye ndiye amaona ngati wogonja alipire, alipire zonse kapena gawo chabe, kapenanso aliyense asenze zake. Kupambana kumakuikani pabwino, koma sikukhala lonjezo.

Tiyerekeze tsono kuti jaji wagamula kuti mlamu wanu uja abweze ndalama ndipo alipirenso zoonongedwa pamlandu. Mwina mukuganiza kuti mungotenga malisiti onse a loya, kuwaphatikiza, n'kumutumizira. Ayi, siziyenda choncho, ndipo aliyense amene anagulitsapo mbatatesi kwa venda pa Chimbiya amvetsa msanga. Mlimi amabwera ndi thumba lodzadza, iye m'mutima akuwerengera thumba lathunthu. Venda sagula thumba lomanga. Amalimasula, kukhuthulira pansi, n'kuyamba kusankha. Zotemedwa ndi khasu amaika pambali, zing'onozing'ono pambali, zobiriwira ndi dzuwa pambali, zoyamba kuola ndiye sazikhudza n'komwe. Zotsalazo ndi zimene amalipira. Mlimi analima zonse, anathirira feteleza zonse, anasenza zonse kuchokera kuphiri, koma zosankhidwa zija abwerera nazo kunyumba.

Kukhoti, wosankhayo ndi Registrar. Ngati mbali ziwirizo sizinagwirizane pa chiwerengero, loya wa wopambana amalemba mndandanda wa ntchito yonse imene anagwira: maola amene anakhala akuwerenga zikalata, kukonza masamoni, kukumana ndi mboni, kudikira pakhoti, maulendo, mafuta a galimoto, kuchita fotokope, ndalama zolipira kukhoti. Loya wa wogonja amaloledwa kutsutsa chimodzichimodzi. Kodi kuwerenga kalata ya masamba awiri kungatenge maola atatu? Kodi mlandu wa matumba a mbatatesi unafunikadi maloya awiri? Ulendo uja wa ku Lilongwe umene mlandu unalephereka chifukwa mboni yanu sinabwere, bwanji aulipire wogonja? Registrar amamva onse, n'kusiya zokhazo zimene ntchito yake inali yofunika, mtengo wake ndi woyenera, ndipo zikulingana ndi kukula kwa mlanduwo. Pamene akukayika, amakomera wolipira. Zimene zachotsedwa sizifafanizika pa ngongole yanu kwa loya wanu. Iye munapangana naye nokha, ntchito anagwira, ndipo mumulipirabe kuchokera m'thumba mwanu. Apa ndi pamene anthu ambiri amadabwa, ena mpaka kuganiza kuti maloya awiriwo anagwirizana mwamseri, chikhalirecho ndi mmene dongosolo lake liliri.

Pali kasankhidwe kena kopepukirapo, kamene maloya amakatcha indemnity. Pamenepo kukayika kumakomera wolandira, ndipo zochotsedwa zimachepa. Jaji amalamula zimenezi mwa apo ndi apo, makamaka pamene wogonja wachita zonyansa poyendetsa mlandu, monga kubisa mabuku a bizinesi, kunama poyera kapena kuzengereza dala. Kungoti munthu anakuberani sikukwanira kuti mukhale ndi chitsimikizo choti mulandira mwa njira imeneyi.

Khalidwe la wopambana nalo limaunikidwa. Mukasuma pa zinthu zisanu n'kupambana chimodzi chokha, jaji akhoza kukudulani. Malamulo a 2017 aja amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadzera kwa mkhalapakati isanazengedwe, ndipo wokana kukambirana popanda chifukwa, kapena wokana ndalama zimene mnzake analonjeza kubweza n'kudzapata zosaposa pomwepo, amadziika pachiswe. Kusankha khoti nakonso n'kofunika. Mlandu umene ukanathera kwa majisitireti pa boma pompano, inu n'kuutengera ku Khoti Lalikulu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 80, pofuna kuti mnzanu aone polekera, mukhoza kuupambana koma n'kulandira zoonongedwa pamlingo wa khoti laling'ono. Ine ndimaona kuti mkwiyo ndiwo umawonjezera mtengo wa milandu yotereyi kuposa maloya.

Tsono pali chinthu china chimene chimasiyanitsa mkangano wa eni bizinesi ndi wa wakuba wamba. Anthu awiri ochita bizinesi limodzi pofuna phindu, ngakhale sanalembe kanthu, lamulo la Partnership Act limawaona ngati ogwirizana, ndipo aliyense ali ndi udindo woonetsa mnzake mawerengero oona ndi kubweza phindu lililonse limene wadzipezera mobisa pogwiritsa ntchito katundu wa bizinesi. Mlandu wawo nthawi zambiri umathera pa kuthetsa mgwirizano, kuwerengera katundu ndi ngongole, n'kugawana zotsala. Makhoti a ku England, pa mlandu wa Hamer ndi Giles wa mu 1879, anakhazikitsa mfundo yakuti ndalama zoyendetsera kuwerengera kotere zichoke m'katundu wa bizinesi yomweyo, pokhapokha ngati mlanduwo wabwera chifukwa cha kusaona mtima kapena kusasamala kwa mmodzi. Taonani tanthauzo lake. Mukalephera kuonetsa kuti mnzanu anachita chinyengo, jaji n'kuona kuti nonse munangosokoneza mabuku, ndalama za maloya onse awiri zikhoza kuchotsedwa pa katundu yemwe mumalimbirana uja musanagawane. Ndiye kuti theka la loya wa mlamu wanu mwalipira ndinu.

Ngati bizinesiyo inalembetsedwa ngati kampani motsatira Companies Act ya 2013, nkhani imasinthanso. Ndalama zobedwa ndi za kampani, osati zanu, ndipo woyenera kusuma ndi kampaniyo. Mwini masheya amene akufuna kusuma m'malo mwake amayamba wapempha chilolezo kukhoti. Akapambana, ndalama zimabwerera m'kampani, momwe wakubayo alinso ndi masheya ake.

Achinyamata owerenga pa intaneti amakumana ndi nkhani za ku America n'kuyamba kulota zazikulu. Kumeneko mwambo wawo ndi wosiyana ndi wathu: aliyense amalipira loya wake, apambane kapena agonje, kupatula pamene lamulo lapadera kapena pangano lolembedwa lanena zina. N'chifukwa chake eni bizinesi okangana kumeneko amalimbikira kutcha mkangano wawo kuti ndi kuba. Ku California kuli lamulo lopatsa woberedwa katatu pa zimene anataya, kuphatikizapo ndalama za loya, ndipo mu 2022 khoti lalikulu la chigawocho, pa mlandu wa Siry Investment ndi Farkhondehpour, linagamula kuti lamulolo likhoza kugwira ntchito pakati pa eni bizinesi imodzi pamene ena apatutsa ndalama za bizinesiyo mwachinyengo. Linachenjezanso kuti si kusamvana kulikonse kwa pamalonda kumene kuli kuba. Ku Texas lamulo lofanana nalo limadula mbali zonse, moti wosuma akagonja amalipira loya wa amene ankamunena uja. Amenewo ndi malamulo a kumeneko. Kuno chimene khoti limatsata kwambiri ndi kubwezera munthu zimene anataya, ndi chiwongoladzanja ngati chapemphedwa ndipo n'choyenera.

Kugonja nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo ndi kowawa kuposa mmene anthu amaganizira. Mwambo womwe uja woti wogonja alipire umakutembenukirani. Mulipira loya wanu mokwanira, mulipiranso zimene Registrar wavomereza za loya wa mnzanu. Ngati munayamba mwamutsekeretsa kupolisi popanda umboni wogwirika, n'kumalengeza pamsika kuti ndi mbava, akhoza kukusumirani pofuna chipukutamisozi chifukwa chomumangitsa popanda chifukwa ndi kumuipitsira mbiri. Milandu yotereyi si yachilendo m'makhoti mwathu.

Chomaliza ndi kutolera. Chigamulo ndi pepala, sichikhala ndalama mpaka wina atalipira. Wogonja akakana, mubwereranso kukhoti kukapempha chilolezo choti masherifu akalande katundu wake n'kumugulitsa, kapena choti ndalama zake za kubanki zigwidwe. Zimenezinso zimafuna nthawi ndi ndalama. Munthu amene anadya kale zonse, njinga ija ili m'dzina la mkazi wake, nyumba ndi ya pamalo a makolo, angakusiyeni ndi chigamulo chokoma ndi ngongole ya loya. Wosowa pogwira akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 kuti lithandize anthu osakwanitsa kulemba loya, koma nalonso limayamba launika kapezedwe ka munthu ndi mphamvu ya mlandu wake.

Inu amene mkangano wayamba kale, musanasayine kanthu mufunseni loya kuti akulembereni papepala zinthu ziwiri: ndalama zimene iye adzafune kwa inu kufikira chigamulo, ndi zimene akuona kuti khoti lingakubwezereni mukapambana. Kusiyana kwa ziwerengero ziwirizo kuikeni pambali pa ndalama zimene mukuti anakuberani, ndipo muyambe mwafufuza ngati mnzanuyo ali ndi katundu m'dzina lake. Inu amene mukadagwirizana, gulani kope lero, muzilemba thumba lililonse lotuluka ndi kwacha iliyonse yolowa, nonse awiri muzisayina ulendo uliwonse lole ikabwera.