Zinthu 9 zodabwitsa zokhudza chithunzi chimene chimakuimirani pantchito

Masiku ano munthu asanakupatseni moni amakhala atakuonani kale pa LinkedIn, pa WhatsApp, pa tsamba la kampani kapena pa chikalata choitanira anthu kumsonkhano. Kachithunzi koyambira kumutu kulekeza m'mapewa ndi kamene kamakulankhulirani inu kulibe. Komabe ambiri timakasankha mothamanga: kungodula nkhope pa chithunzi cha paukwati, dzanja la mnzathu likuonekerabe paphewa. Zimene ofufuza ndi ojambula anapeza zikusonyeza kuti kachithunzika ndi ka anthu okaona, ndipo mwiniwake ndi amene amakadziwa mochepa kuposa onse.

1. Anthu amakuweruzani musanaphethire.
Mu 2006, Janine Willis ndi Alexander Todorov a pa yunivesite ya Princeton ku America anaonetsa anthu nkhope zachilendo kwa gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Kanthawi kameneko kanakwanira kuti anthuwo anene ngati mwini nkhopeyo ndi wodalirika kapena wodziwa ntchito. Atawawonjezera nthawi, maganizo awo sanasinthe kwenikweni, anangolimba mtima pa zimene ananena poyamba. Chaka cha 2005 Todorov ndi anzake anali atapeza kuti pa zisankho za aphungu a nyumba ya Senate ku America, amene nkhope yake inkaoneka yodziwa zinthu ndiye ankapambana pafupifupi ka 7 pa mipikisano 10 iliyonse. Chiweruzo chothamangachi chimalakwa kawirikawiri, koma anthu sasiya kuchigwiritsa ntchito.

2. Kudzijambula nokha kumakulitsa mphuno.
Dokotala Boris Paskhover wa pa yunivesite ya Rutgers ndi anzake anawerengetsa mu 2018 kuti kamera ikakhala masentimita 30 kuchokera pankhope, mphuno imaoneka yotambalala ndi pafupifupi 30 peresenti. Ikakhala pa mita imodzi ndi theka, mphuno imabwerera mwakale. Chifukwa chake ndi mtunda: foni ikayandikira, mphuno imakhala pafupi kwambiri ndi kamera poyerekeza ndi makutu, choncho imafufuma, makutu n'kuthawira kumbuyo. N'chifukwa chake ojambula a m'situdiyo amaima patali n'kukoka nkhope ndi lenzi ya mamilimita 85 kapena kuposa. Foni yomweyo mukapatsa mnzanu kuti aime mapazi angapo kuchokera pamene muli, mumatuluka munthu wina.

3. Nkhope imene mumaidziwa si imene anzanu amaidziwa.
Palibe nkhope imene mbali zake ziwiri zimafanana ndendende, ndipo pagalasi mumadziona mutatembenuzidwa. Mu 1977, Theodore Mita ndi anzake anaonetsa anthu zithunzi zawo ziwiri, china chotembenuza ngati cha pagalasi, china chenicheni. Eni ake anakonda chotembenuzacho, pamene anzawo apamtima anakonda chenichenicho. Aliyense anasankha chimene anazolowera. Mu 2017 David White wa pa yunivesite ya New South Wales ku Sydney anapitiriza nkhaniyi. Ophunzira 102 anasankha zithunzi zawo zoika pa masamba a ntchito, kenako anthu osawadziwa anawasankhiranso pa zithunzi zomwezo. Zosankha alendozo ndi zimene zinaoneka zodalirika ndi zodziwa ntchito kwa anthu ena. Wojambula akakutumizirani zithunzi 20, perekani zisanu kwa munthu amene sakukondani mopitirira muyeso, asankhe iyeyo.

4. Filimu yamitundu inapangidwa poyang'ana khungu loyera.
Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi ankachuna makina awo poyang'ana khadi la kampani ya Kodak lokhala ndi mkazi wachizungu. Makhadiwa ankatchedwa Shirley, dzina la mkazi woyamba kujambulidwapo. Zotsatira zake munaziona m'maalubamu akale: munthu wakuda ataima pafupi ndi khoma loyera, chooneka ndi mano ndi maso basi. Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Canada anapeza kuti ena mwa amene anachititsa kuti filimu isinthe anali opanga mipando ndi chokoleti, amene ankadandaula kuti pa zithunzi zotsatsa malonda matabwa akuda ndi ofiirira sakusiyana. Makhadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Mpaka lero kamera ikaona malaya oyera mbuu ndi zenera lowala kumbuyo kwanu, imachepetsa kuwala, nkhope n'kumira mumdima. Dzuwa la paliwombo nalo limakumba maenje akuda m'maso n'kunyezimiritsa chipumi. Imani pamthunzi wa khonde mutayang'ana kunja, ndipo wojambula ayeze kuwala pankhope panu, osati pakolala.

5. Kukonza chithunzi sikunayambe ndi kompyuta.
Pa 27 February 1860, Abraham Lincoln analowa mu situdiyo ya Mathew Brady ku New York asanakalankhule pa holo ya Cooper Union. Anali wamtali, wowonda, wa khosi lalitali, suti yake itakwinyika ndi ulendo. Brady anam'kwezera kolala kuti khosi lifupike, anamuimika pafupi ndi mabuku, kenako anafewetsa makwinya ena pachithunzicho. Chinasindikizidwa m'manyuzipepala ndi pa zikalata za kampeni, ndipo anthu ambiri amene anamuvotera kukhala pulezidenti wa America mu November chaka chomwecho ankamudziwira pa chithunzi chimenechi.

6. Chithunzi chotchuka cha Churchill chinabadwa ndi mkwiyo.
Pa 30 December 1941, Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain, atangomaliza kulankhula ku nyumba ya malamulo ku Ottawa, anapeza wojambula Yousuf Karsh atatchera kale magetsi. Churchill anam'patsa kanthawi kochepa ndipo anakana kuchotsa ndudu yake pakamwa. Karsh anasendera, n'kuitsomphola, n'kubwerera pa kamera. Nkhope yolusa imene inatuluka ndi imene dziko linaitenga ngati chizindikiro chokana kugonja pankhondo, ndipo mu 2016 inaikidwa pa ndalama ya mapaundi 5 ku Britain. Karsh anajambulanso china nthawi yomweyo Churchill akumwetulira, koma ndi ochepa amachidziwa. Magetsi ndi kamera zinali zomwezo pa zithunzi zonse ziwiri. Chinasintha ndi chimene wojambula anachita kwa munthu wake, ndipo luso limeneli ndi limene mumalipira ku situdiyo.

7. Chithunzi pa CV chingakutsegulireni khomo kapena kukutsekerani.
Ku Germany ambiri amaphatikizabe chithunzi cha ku situdiyo pa kalata yofunsira ntchito, ndipo ku Japan fomu yofunsira ntchito nthawi zambiri imakhala ndi kabokosi komatapo chithunzi. Ku Britain ndi ku America olemba ntchito ambiri sachifuna, poopa milandu ya tsankho. Amene akufunsira ntchito ku London achichotse pa CV n'kuchisiya pa LinkedIn. Ku Israel, Bradley Ruffle ndi Ze'ev Shtudiner anatumiza ma CV 5,312 kwa olemba ntchito. Amuna ooneka bwino anaitanidwa pafupifupi kawiri kuposa amuna ooneka wamba, koma kwa akazi zinatembenuka: amene anaitanidwa kwambiri ndi amene sanaikepo chithunzi.

8. Nkhope zina za pa LinkedIn zilibe mwini.
Mu 2022 Renée DiResta ndi Josh Goldstein a ku Stanford anapeza maakaunti oposa 1,000 okhala ndi nkhope zopangidwa ndi kompyuta, ambiri mwa iwo otsatsa malonda. Zinkadziwika ndi ndolo ya khutu limodzi, tsitsi losungunukira m'mbuyo ndi maso okhala pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Anthu anayamba kukayikira nkhope yosalala mopitirira, poti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wokonza chithunzi chanu achotse chiphuphu cha sabata ino, koma chipsera ndi makwinya azisiye.

9. Ngakhale mfumukazi inkasintha chithunzi.
Pa makobidi a ku Britain, nkhope ya Elizabeth II inajambulidwa kasanu: 1953, 1968, 1985, 1998 ndi 2015. Ya 1998, yosema Ian Rank-Broadley, sinabise makwinya ngakhale khungu la pansi pa chibwano. Pa masitampa wamba zinali zosiyana: nkhope yosema Arnold Machin inayamba kutuluka mu 1967 ndipo inakhala yomweyo mpaka mayiyo anamwalira mu 2022. Sitampayo inatha kutero chifukwa palibe amene ankadalira iyo kuti azindikire mfumukazi. Inu ayi. Kasitomala amene wakudikirani pa malo olandirira alendo ali ndi foni m'manja, akufananiza kachithunzi kanu ndi aliyense wolowa pakhomo. Ngati mwameta ndevu, mwayamba kuvala magalasi, imvi zabwera kapena thupi lasintha moti angakudutseni, nthawi yojambulitsa china yakwana, kaya chakalecho chatha chaka chimodzi kaya zisanu.