Nkhokwe ya Nyimbo ndi Zithunzi Ifuna Kaundula

Masiku ano kwa Mfumu Mwadzama, m'boma la Nkhotakota, sipachitika ukwati kapena mpikisano wa mganda popanda achinyamata kutukula mafoni kuti ajambule. Zithunzi, mawu ndi kanema zachuluka ngati usipa pathandala. Koma tapemphani mwini foni kuti akupezereni nyimbo imene amayi anayimba pa Benga zaka zitatu zapitazo. Adzapukusa mutu, pakuti makinawo amangopatsa chojambulidwa chilichonse dzina la manambala.

Vuto limeneli ena analiwona kale. M'zaka za 1950 ndi 1958 Hugh Tracey anayendera dziko lino, likali kutchedwa Nyasaland, akujambula nyimbo za makolo athu. Nyimbo iliyonse ankailembera khadi lake: mutu, woyimba, chilankhulo, malo, zoyimbira ndi tanthauzo la mawu. Mu 1954 anakhazikitsa International Library of African Music, imene mu 1978 inasamukira ku Rhodes University, ku South Africa. Nyimbozo tsopano zili m'makompyuta, ndipo zolembedwa pa makadi aja ndizo zimatsogolera wofufuza.

Nkhokwe yotere ili ndi zipinda ziwiri. M'chipinda china mumakhala mawu ndi zithunzi. Chinacho ndi kaundula wofotokoza chilichonse. Kompyuta ikauzidwa kuti ipeze chimtali, imayamba yafufuza m'kaundulamo. Ngati wojambula sanalembe kanthu, nyimboyo ili ngati ukonde wotcheredwa panyanja popanda chizindikiro. Zoonadi, alipo makina ozindikira nkhope ndi mawu, koma sangadziwe mudzi wa woyimba kapena chimene chinamupweteka mtima kuti apeke nyimboyo.

Kaundula nayenso ali ndi misampha yake. Atsamunda ankalemba kuti Kota Kota, kotero kuti mwana wa sukulu wolemba Nkhotakota angabwerere chimanjamanja, chonsecho nyimbo za kwawo zilimo. Akazipeza achenjerenso, chifukwa boma la Kota Kota linkaphatikiza ndi Ntchisi yomwe. Si nyimbo zonse za dzinalo zimene zinachokera kunyanja. Wosunga kaundula wanzeru amalumikiza maina akale ndi atsopano.

Aphunzitsi, mukatuma ana kukajambula agogo awo, auzeni ayambe apempha chilolezo, makamaka pa za gule wamkulu, zimene zina siziululidwa. Nyimbo isanayambe, wojambula atchule mokweza tsiku, mudzi ndi dzina la woyimba, kuti zimenezi ziyende pamodzi ndi mawuwo. Pomaliza asunge chojambulidwacho pamalo awiri, pakuti foni ya mnyamata wa kunyanja sichedwa kugwera m'madzi.