Dzanja likasiya kumva, samalani moto ndi chikwakwa

Mlimi wa fodya wa bale ku Bolero, Hewe kapena Mhuju m'boma la Rumphi sadalira maso okha. Amakhudza tsamba m'chigafa n'kudziwa ngati lafewa mokwanira kuti alisankhe. Koma alimi ena amene anadwalapo sitiroko amapeza kuti luso limeneli lawathawa, ngakhale akuyenda ndi kugwira khasu.

Chimachitika n'chakuti khungu limangotumiza uthenga, koma womasulira ndi ubongo. Mtsempha wa magazi ukatsekeka kapena kuphulika m'mutu, gawo lomasuliralo limatha kuwonongeka. Mbali yakumanzere ya ubongo imamvera thupi lakumanja, choncho ikavulala, dzanja lamanja ndilo limachita dzanzi. Dokotala Wilder Penfield wa ku Montreal anaonetsa mu 1937 kuti manja ndi milomo zili ndi malo aakulu m'gawo limeneli.

Ena samva kutentha kapena kubaya kwa minga. Ena amamva kuti agwira kanthu koma osasiyanitsa nyemba ndi mwala mpaka atayang'ana. Enanso amamva kuotcha pomwe angokhudzidwa ndi chofunda. Achibale musati munthuyo wayamba ulesi kapena walodzedwa.

Ngozi yaikulu ili pamoto. M'miyezi ya June ndi July kumapiri a Phoka kumazizira, ndipo munthu wotere angapse mwendo akuotha moto iye osadziwa. Madzi osamba aziyamba wawayesa ndi dzanja labwinolo, azivala nsapato popita kumunda, ndipo madzulo aliwonse wina azimuona ngati alibe bala. Pogwiritsa ntchito chikwakwa, maso asachoke padzanja.

Kuyeserera kumathandiza. Ikani chimanga, mtedza ndi nyemba m'lichero, wodwalayo atsinzine n'kumatchula chimene wagwira, tsiku ndi tsiku.

Gwero lalikulu la sitiroko ndi kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vutoli. Kayezetseni BP, chepetsani mchere ndi mowa, ndipo fodya musasute.

Mukaona pakamwa papotoka, lilime lalemera kapena mkono wachita dzanzi mwadzidzidzi, musadikire kuti kuche. Thamangirani naye kuchipatala cha boma ku Rumphi kapena cha David Gordon ku Livingstonia.