Ku Riverside, wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira zambiri

Mumsewu wa Jambo Drive ku Riverside, mumzinda wa Kitwe ku Zambia, mpanda umodzi umalekanitsa miyoyo iwiri. M'kati muli thanki ya madzi pansanja, masola padenga ndi firiji yosazima. Kunja kuli katebulo ka tomato wa milu, makala oyeza m'chitini ndi timapepala ta ufa, tija akuno amati pamela. Ambiri amati apa pasiyana malipiro basi, ndipo sakunama kwenikweni. Koma chomwe chikudulitsa moyo m'matauni a migodiwa n'chakuti zinthu zomwe kale zinkafika kwa anthu pamodzi, monga madzi, magetsi ndi nyumba, lero banja lililonse likudzigulira palokha, ndipo wogula pang'onopang'ono ndiye amalipira mtengo wokwera kuposa onse.

Chisanafike chaka cha 2000, kampani ya boma ya ZCCM sinkangokumba mkuwa. Wogwira ntchito pamgodi wa Nkana wokhala ku Wusakile, Chamboli kapena Mindolo ankapatsidwa nyumba, madzi, magetsi, chipatala ndi ufa wotsika mtengo, moti malipiro ake sankasenza zonse. Migodi itagulitsidwa, Nkana n'kupita m'manja mwa kampani ya Mopani, eni atsopano anafuna miyala ya pansi, za makomboni sizinawakhudze. Nyumba zinagulitsidwa kwa okhalamo, zomwe zinali zabwino ndithu, koma bilu iliyonse inayamba kugogoda pakhomo payokha. Kuyambira pamenepo Mopani yasintha eni: Glencore inachoka mu 2021, kampani ya IRH ya ku Abu Dhabi inagula magawo 51 pa 100 mu 2024. Palibe mwa iwo anabwezeretsa dongosolo lakale lija.

Chilala cha 2024 chinaonetsa poyera momwe zimenezi zimalumira. Madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 21 patsiku m'madera ena. Mwini nyumba wa ndalama analipira kamodzi, anagula sola ndi mabatire, nkhani inathera pomwepo. Mayi wa ku Chimwemwe kapena ku Buchi ankalipira tsiku lililonse: chitini cha makala m'mawa, kandulo madzulo, ndiwo za tsiku limodzi zokha chifukwa zotsala zikanasasa. Wometa tsitsi ndi wowotcherera zitsulo ankangokhala manja lende, lendi ya shopu ikuwerengabe. Mu Febuluwale 2025, damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi litaphulika n'kuthira asidi mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, mipopi ya Kitwe inatsekedwa kwa masiku angapo. Wokhala ndi chitsime chake pabwalo sanasowe madzi osamba; ena onse ananyamula zigubu. Ufa nawo ndi chimodzimodzi. Thumba la makilogalamu 25 linapitirira K300 m'chaka cha 2024, koma amene amagula pamela tsiku ndi tsiku akaphatikiza timapepala take pakutha pa mwezi amapeza kuti walipira kuposa pamenepo, ndipo ngati ndalamayo anaitenga pa kaloba, ngongole ya katapila, chiwongoladzanja chimadyanso gawo lake.

Ngakhale tulo timagulitsidwa motero. Copperbelt University, yomwe inakhazikitsidwa mu 1987, ili ku Riverside komweko, ndipo ophunzira anachuluka kalekale kuposa malo ogona a pasukulupo. Eni nyumba anaona msanga kuti kubwereketsa bedi limodzilimodzi kumabweretsa zambiri kuposa kubwereketsa nyumba yonse kwa banja limodzi. Pabalaza panalowa mabedi osanjikiza, nyumba ya antchito ya kuseri inasanduka zipinda. Wophunzira amalipira zambiri pa kamalo kochepa, pamene mphunzitsi kapena namwino wofuna nyumba ya banja amakankhidwira kutali, komwe adzawonjezerenso ndalama ya basi.

Alipo onena kuti kulira ZCCM n'kulira chinthu chomwe chinadzigwetsa chokha. Akunena zoona: m'zaka za m'ma 1990 mkuwa unatsika mtengo, kampaniyo inkaluza ndalama zankhaninkhani, ndiponso zabwino zake zinkafika kwa a pamgodi okha, osati kwa wogulitsa kapenta ku msika wa Chisokone. Palibe wanzeru angapemphe kuti mgodi ubwerere kukhala kholo la tauni yonse. Koma kugwa kwa wosenza katundu sikuchotsa katunduyo. Wina anayenera kumutola, ndipo khonsolo, kampani ya magetsi ya ZESCO ndi kampani ya madzi sanakule mofanana ndi mzindawu. Ena amaloza zomwe boma lachita: maphunziro aulere kuyambira mu Januwale 2022, ndalama ya chakudya ya ophunzira a kuyunivesite yomwe inabwezedwa mu 2023, ufa wotsikirako wa Eagle wogayidwa ndi asilikali a ZNS. Izi zikungotsimikiza mfundo yomweyi. Maphunziro aulere anathandiza kwambiri chifukwa anachotseratu bilu imodzi pakhomo pa aliyense. Ufa wotchipa umathandiza amene ali ndi ndalama ya thumba lathunthu pa tsiku lomwe lafika m'sitolo, ndipo malire a Kasumbalesa ali pafupi, komwe thumba lomwelo limagulidwa mokwera kutsidya la Congo. Atsogoleri amachita mantha ndi mtengo wa thumba chifukwa amakumbukira zipolowe za ufa za mu Disembala 1986, zomwe zinabuka m'matauni omwewa n'kukakamiza pulezidenti Kenneth Kaunda kubweza mtengo. N'chifukwa chake maso onse ali pa thumba, pamene madzi odalirika ndi magetsi osazimazima zikanatsitsa ndalama zomwe wosauka amataya tsiku lililonse.

Ngakhale miyeso yathu imamuphonya munthuyu. Bungwe la JCTR mwezi uliwonse limawerengera zofunika pa banja la anthu asanu m'mizinda monga Lusaka, Kitwe ndi Ndola, ndipo chiwerengero chake chimaposa kutali malipiro a mlonda kapena wantchito wa m'nyumba. Komatu ufa ndi makala zimawerengedwa mmenemo pa mtengo wa thumba, mtengo womwe mlonda wapachipata cha ku Riverside sagulira.