Mchere, Chidulo ndi Chiseyeye ku Entumbane

Entumbane, dera la kumadzulo kwa mzinda wa Bulawayo lomwe ambiri amalikumbukira chifukwa cha nkhondo ya asilikali a ZIPRA ndi ZANLA mu 1980 ndi 1981, muli mabanja ena omwe makolo awo anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji, m'migodi ndi m'mafakitale, ena kudzera mwa Mthandizi, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku Southern Rhodesia.

Makolo amenewa ankachidziwa bwino chiseyeye, matenda otupitsa nkhama mpaka kutuluka magazi ndi kugwedeza mano, pakuti m'makomboni a m'migodi, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chinapha antchito ambiri omwe ankadya nsima popanda ndiwo zamasamba kapena zipatso. Chiseyeye chimenecho chinali cha kusowa kwa vitamini C m'thupi, ndipo mchere sukanachithetsa ngakhale munthu akanachukucha m'kamwa tsiku lonse. Masiku ano magazi a m'nkhama kawirikawiri amayamba ndi litsiro lomata lodzala ndi tizilombo lomwe limaunjikana pomwe dzino lakumana ndi nkhama, ndipo apa ndi pomwe mchere uli ndi gawo lake.

Mchere wokwana theka la supuni yaing'ono, ukasungunulidwa m'kapu ya madzi owiritsa omwe atsala ofunda n'kuchukucha m'kamwa, umakoka madzi m'minofu yotupa kotero kuti kutupa ndi ululu zimachepa, ndipo n'chifukwa chake madokotala a mano amaulangiza kwa munthu yemwe wazulidwa dzino, koma pakadutsa maola 24, kuopa kuchotsa magazi oundana omwe atseka bala. Madziwo ndi olavula, osati omeza, makamaka kwa odwala matenda othamanga magazi. Soda wophikira therere nayenso amachepetsa asidi yemwe amadya mano.

Chidulo, madzi osefedwa m'phulusa omwe amayi amafewetsera ndiwo, n'chaukali kwambiri moti chingawaule m'kamwa, pomwe mchere wamiyala, makala ndi phulusa, zomwe ena amakhulira mano kuti ayere, zimapala chikuto cholimba cha dzino chomwe sichimeranso. N'zomvetsa chisoni kuti amene amachita zimenezi nthawi zambiri ndi anthu osamala, omwe angosowa ndalama ya mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, mchere wina womwe umalimbitsa chikutocho.

Litsiro lomata m'mano lija limachoka ndi mswachi, wa m'sitolo kapena wa kamtengo kotafuna kunsonga, koma likauma n'kukhala ngati mwala limafuna zipangizo za kuchipatala. Choncho nkhama zikamatuluka magazi kupitirira sabata ziwiri, mafinya akaoneka, kapena tsaya likatupa, makamaka kwa wodwala shuga kapena mayi woyembekezera, wodwalayo ayenera kupita ku kiliniki ya khonsolo ya mzinda, komwe angamutumize ku chipatala chachikulu cha Mpilo.