Giuseppe Martucci: Mtaliyana Amene Adakana Kutsata Unyinji

Madzulo ano tikambirana za munthu wina wa ku Italy, dzina lake Giuseppe Martucci, amene adali katswiri pa ntchito zitatu: kuyimba piyano, kupeka nyimbo ndi kutsogolera gulu lalikulu la oyimba ndi zing'wenyeng'wenye, lotchedwa okestra.

Kuti timvetse mbiri yake, tiyambe tadziwa m'mene dziko lake lidaliri. M'zaka za m'ma 1800, Mtaliyana akanena za nyimbo zapamwamba ankatanthauza opera, ndiko kuti sewero limene anthu ake amayimba m'malo molankhula. Giuseppe Verdi adatchuka nawo masewero otere, ndipo mnyamata aliyense wofuna dzina ndi ndalama ankadziwa kuti njira ndi yomweyo. Nyimbo za zida zokhazokha, zopanda mawu, zonga zimene adapeka Beethoven ndi Brahms, ambiri ankaziyesa za Ajeremani.

Martucci adabadwira mu mzinda wa Capua pa 6 January, 1856. Bambo wake, amene adali woliza lipenga, ndiwo adayamba kumuphunzitsa, ndipo pofika zaka 8 mwanayo adali atayamba kale kuyimba piyano pamaso pa anthu. Adakalowa sukulu yaikulu ya nyimbo ya ku Naples, kumene Beniamino Cesi adamuphunzitsa piyano ndipo Paolo Serrao adamuphunzitsa kupeka. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kuyambira chaka cha 1875 mnyamatayu adayamba maulendo okayimba m'maiko ena monga France, Germany ndi England, ndipo kumeneko adamva nyimbo zimene kwawo zinkamveka mwa apo ndi apo.

Atabwerera, adatsimikiza mtima kuti anthu akwawo azimvenso. Mu 1880 adakhala mphunzitsi wa piyano ku Naples, ndipo posakhalitsa adayamba kutsogolera okestra ya mu mzindawo. Ntchito ya wotsogolerayu ambiri saimvetsa, poti amamuona akungogwedeza kandodo. Koma iye ndiye amasankha nyimbo, kuiphunzitsa kwa oyimba ambirimbiri masiku angapo, ndi kulamula liwiro ndi kukweza kapena kutsitsa kwa zida zonse kuti zimveke ngati pakamwa pamodzi. Pa udindo umenewu Martucci adabweretsa nyimbo za Beethoven, Schumann ndi Brahms kwa anthu amene sadazizolowere.

Mu 1886 adasankhidwa kukhala mkulu wa sukulu ya nyimbo ya ku Bologna. Kumeneko, mu 1888, adatsogolera sewero la Richard Wagner lotchedwa Tristan und Isolde, ndipo aka kadali koyamba kuti liseweredwe mu Italy. Mmodzi wa ophunzira ake ku Bologna adali Ottorino Respighi, amene pambuyo pake adatchuka ndi nyimbo za okestra. Mu 1902 Martucci adabwerera ku Naples kukakhala mkulu wa sukulu yomwe idamulera.

Chodabwitsa ndi chakuti pa moyo wake wonse sadapeke opera ngakhale imodzi. Adapeka nyimbo zazikulu ziwiri za mtundu wa simfoni, ya 1895 ndi ya 1904, nyimbo ziwiri za piyano yoperekezedwa ndi okestra, ndi zina zambiri za piyano yokha. Chosankha chimenechi chidali ndi mtengo wake: pamene dzina la Puccini linkamveka m'nyumba za zisudzo za dziko lonse lapansi, lake lidatsalira kwa ochepa. Adamwalira ku Naples pa 1 June, 1909, ali ndi zaka 53.

Komatu akatswiri anzake sadamuiwale. Gustav Mahler, pa konsati yake yomaliza ku New York mu February 1911, adatsogolera imodzi mwa nyimbo zake za piyano ndi okestra. Arturo Toscanini ankayimbitsa nyimbo zake kawirikawiri, ndipo pa 14 May, 1931, adapita ku Bologna kukatsogolera konsati yomukumbukira. Atsogoleri a chipani cha Mussolini adafuna kuti ayambe ndi nyimbo ya chipanicho. Toscanini adakana, ndipo anyamata a chipani adamumenya makofi pakhomo pa nyumba ya zisudzoyo. Konsatiyo idalephereka, ndipo Toscanini sadatsogolerenso okestra mu Italy kufikira mu 1946, nkhondo itatha.

Amene adabwera pambuyo pake, monga Respighi ndi Alfredo Casella, adapeza kuti Mtaliyana angathe kupeka nyimbo za zida zokha osasekedwa, chifukwa wina adali atalambula kale njira. Tsopano tcherani khutu, timvere limodzi nyimbo yake yofatsa yotchedwa Notturno, imene dzina lake likutanthauza nyimbo ya usiku.