Thupi Likamaphwanya Koma Achipatala Osapeza Kanthu

Amayi anzanga, pakati pathu alipo ena amene amadzuka m'mawa thupi lonse likuphwanya ngati anagona pamiyala. Khosi, mapewa, msana, chiuno ndi ntchafu, zonse kuwawa. Akapita kuchipatala malungo sawapeza, magazi ali okwanira, chithunzi cha mafupa sichionetsa vuto. Kunyumba nako mlandu uli chile: bambo akuti ndi ulesi, apongozi akuti kuli bwino kukaombeza. Ngati zotere zikukuchitikirani, kapena zikuchitikira mbale wanu, dziwani kuti pali nthenda yotchedwa fibromyalgia, ndipo ululu wake ngweniweni.

Dzinali linayamba kumveka mu 1976, koma nthendayo njakale. Mu 1904 dokotala wa ku England, William Gowers, anatcha zowawa zotere fibrositis, poganiza kuti mnofu umatupa. Lero kunadziwika kuti mnofu sutupa ayi. Vuto lagona pa momwe ubongo ndi mitsempha zimalandirira uthenga wa ululu. Ziri ngati galu wapakhomo amene ayenera kuuwa mbala, koma iye auwa ngakhale tsamba likagwa. Motero kungokugwirani paphewa, inu mumva ngati mwamenyedwa. Nthendayi imagwira anthu 2 mpaka 4 mwa anthu 100 aliwonse, ndipo ambiri opezeka nayo ndi akazi. Siipatsirana, siiononga mafupa, ndiponso siipha.

Kawirikawiri imadza pamodzi ndi kutopa kosatha, mutu, kuvuta kwa m'mimba ndi kuiwalaiwala, kotero kuti mayi aika ndiwo pamoto nakumbukira zitapserera. Tulo nato ntosapumitsa thupi. Mu 1975 Harvey Moldofsky wa ku Toronto anasokoneza dala tulo tofa nato ta anthu abwinobwino kwa masiku ochepa, ndipo iwo anayamba kudandaula za kuwawa kwa minofu.

Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa nthendayi. Dokotala amaizindikira pomva mbiri yanu: ululu wa mbali zambiri za thupi umene watha miyezi 3 kapena kuposa. Amayamba watsimikiza kuti si chithokomiro, kuchepa kwa magazi kapena nyamakazi yotupitsa molumikizirana mafupa. Tsono pokaonana naye musangoti "thupi likuwawa". Fotokozani pamene zinayambira, malo onse opweteka, ndi momwe mumagonera.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma njira zochepetsera ululu ziripo, ndipo yoposa zonse ingakudabwitseni: kuyendetsa thupi. Mwina mukuti, "Ine ndimalima, ndimasinja, ndimasenza madzi; kuyendetsa thupi kwina nkuti?" Pali kusiyana. Ntchito yolemetsa yochitira kumodzi imautsa ululu, pamene kuyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumazoloweretsa mitsempha kuleka kudzidzimuka. Yambani ndi mphindi 5 kapena 10, muziwonjezera pang'ono sabata iliyonse. Masiku oyamba ululu ungakule, musataye mtima.

Msampha waukulu uli pa tsiku limene mwadzuka bwino. Mufuna kubweza ngongole yonse: kuchapa mulu wa zovala, kuzira nyumba, kukatema nkhuni, kenaka mugona masiku atatu. Igaweni ntchitoyo. Chapani theka lero, theka mawa. Ndowa ya malita 20 musaidzaze. Kupita kawiri kuchitsime nkwabwino kuposa kugwa mphasa. Ana ndi bambo athandize, ndipo nkwanzeru kupita nawo bambowo kuchipatala kuti akadzimvere okha kwa dokotala. Kusamba madzi ofunda kumafewetsa thupi. Muzigona ndi kudzuka nthawi yofanana, ndipo tiyi wamadzulo mumsiye.

Za mapiritsi chenjerani. Panado ndi Brufen zimathandiza pang'ono chabe pa nthendayi, ndipo Brufen womwa tsiku lililonse angaononge m'mimba ndi impso. Madokotala ena amapereka amitriptyline wochepa womwa usiku, wothandiza tulo ndi ululu. Ameneyu sagulidwa pamsika kapena kupempha kwa mnzanu. Ndalama za mphini nazo nkwabwino kuzisunga, pakuti mulibe choipa m'mnofu choti chituluke.

Koma mukaona mawondo kapena zala zikutupa, thupi likutentha, mukuonda popanda chifukwa, kapena dzanja ndi mwendo zikufooka, musati ndi yomwe ija. Zimenezo si zizindikiro za fibromyalgia, ndipo mubwerere kuchipatala msanga.